Cifukwa Cace Nsima Imakana Wophunzira

Ku Garden, kumpoto kwa mzinda wa Lusaka, nyumba zaima mothithikana, kotero kuti mphika ukapserera pakhomo limodzi, pfungo lace limamveka makomo asanu. Makolo ambiri amalawirira m'mamawa kunka ku nchito kapena kukagulitsa malonda ku msika, nabwera dzuwa litalowa. Tsono mwana wa zaka 11 kapena 12, mtsikana ngakhale mnyamata, ndiye atsala ndi mbaula, mphika ndi ang'ono ace anjala. Kumudzi ana amaphunzira kuphika pa masanje, pamene kulakwa kulibe mlandu. Koma m'tauni ufa ngwogula, makala ngogula, ndipo nsima ikaonongeka, banja lonse ligona ndi njala usiku umenewo.

Mwana wotere amadandaula nati, "Nsima imandikana ine." Ai, ananu, nsima siikana munthu. Colakwa ciri conse ca pa moto ciri ndi cifukwa cace, ndipo tingathe kucipeza.

Tiyambe ndi mibulu, pakuti ndiyo imaliza ana ambiri. Mwana aona madzi alikuwira, nakhuthuliramo ufa wodzaza mbale nthawi imodzi. Ufa wa kunja upsa pomwepo nusanduka ngati cikopa comata, ndipo madzi alephera kulowa m'kati. Mukauphwanya m'bulu mudzapeza ufa wouma gwa, woyera monga unaturukira m'thumba. Ncifukwa cace amai amayamba ndi madzi ofunda cabe, nawaza ufa pang'ono pang'ono alikutakasa ndi mthiko. Sacita ici mwa mwambo wokha, koma kuti ufa wonse unyowe usanayambe kupsa.

Pamenepo pafunika kudikira, ndipo kudikira ndiko kumalaka ana. Phala liyenera kuthakatha nthawi ndithu, mphika uli cibvundikire, pakuti nsima imapsera pa phala. Ufa umene tithira pambuyo pace ngwolimbitsa. Wothamangira kubvundula phala lisanapse amaomola nsima yomata m'manja, yonunkha ufa, imene ingapweteke m'mimba. Ine ndinaphikira atate nsima yotere ndiri mwana. Iwo anatema nthongo imodzi, naibweza m'mbale, nasamba m'manja osanena kanthu. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Wanzeru amapungulako phala m'kambale asanathire ufa wolimbitsa, kuti nsima ikauma kwambiri aifewetse nalo. Kumbukiraninso kuti ufa suli umodzi. Mgaiwa, umene m'sitolo auchula Roller meal, uli ndi gaga, ndipo ufuna nthawi yoposa ufa woyera wa Breakfast. Wozolowera wina amasokonezeka tsiku limene amai agula unzace.

Nanga nyemba zimene ziwira kuyambira m'mawa koma osapsa? Pano pali cinthu cimene akulu omwe ambiri sacidziwa. Lusaka ali pamwamba, mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja ya mcere. M'mbali mwa nyanja imeneyo madzi amawira pa madigiri 100, koma kuno awira pa madigiri 96 cabe. Madzi athu owira sali otentha kweni kweni monga a kumeneko, cotero nyemba zimacedwa kufewa. Kukupiza mbaula sikuthandiza, pakuti madzi akawira sapitirira kutentha, mungotha makala. Zibviikeni nyemba m'madzi usiku wonse, ndipo tomato muthire zitafewa kale.

Za kapenta nzacidule. Wambiri amaumikidwa ndi mcere, tsono mtsukeni ndi madzi ofunda, ndipo mulawe musanaonjeze mcere wina. Mcere ukacepa tingathe kuthira pa mbale, koma ukacuruka palibe wouturutsa.

Mbaula nayo iri ndi khalidwe lace. Cifukwa ca cilala ca 2024, madzi anacepa m'nyanja ya Kariba, magetsi nazima maora ambiri tsiku ndi tsiku, ndipo ana ena ozolowera sitovu anakomana ndi mbaula nthawi yoyamba. Mbaula iribe pocepetsera moto. Imayamba mwaukali nizirala pang'ono pang'ono. Motero terekani madzi ndi nyemba moto uli waukali, ndi ndiwo zamasamba utatsika. Ngati moto wanyanya, phulani mphika kanthawi, kapena cotsani makala ena.

Zonsezi zimangoononga cakudya, koma ziripo zina zoononga munthu. Phala lothakatha limathovukira pa mkono, ndipo limamatirira pa khungu. Mukapsa, thirani madzi ozizira ndi oyera pa malo opsawo kwa mphindi 20. Musapakepo dzira, mcere, mafuta kapena mankhwala otsukira mano, ngakhale anansi akuuzeni. Ndipo bala likakhala lalikuru, pitani ku cipatala msanga. Mafuta ophikira akagwira moto, musathirepo madzi konse, pakuti moto udzalumphira kumaso kwanu. Bvundikirani ndi cibvundikiro ca citsulo, moto udzazima wokha posowa mpweya.

Coopsa koposa ncosaoneka. M'miyezi ya June ndi July, pamene mphepo ya Lusaka imalowa m'mafupa, mwana amakhumba kulowetsa mbaula m'nyumba atatha kuphika, natseka citseko ndi zenera. Makala oyaka amaturutsa mpweya woipa wopanda pfungo kapena utsi. Munthu amayamba kumva mutu, cizungulire ndi tulo, ndipo ambiri agona osadzukanso. Mbaula ikhale panja, kapena pakhomo potseguka. Mukaona mng'ono wanu alikusinza pafupi ndi makala m'nyumba yotseka, tsegulani citseko, mturutseni kunja, ndipo itanani wamkuru nthawi yomweyo.