Dzanja limodzi likutha mphamvu pa tenisi

Mu February 2024 m'masewero a tenisi mudachitika zomwe zidali zisadaonekepo chiyambire mndandanda wa akatswiri aamuna wa bungwe la ATP mu 1973. Mwa osewera 10 apamwamba padziko lonse mudalibe ndi mmodzi yemwe womenya backhand ndi dzanja limodzi. Yemwe adatsala, Stefanos Tsitsipas wa ku Greece, adali atatsika pamndandandawo.

Kodi backhand n'chiyani? Mpira ukabwera mbali ya dzanja logwira raketi, wosewera amaumenya chikhatho chili kutsogolo ngati womenya mbama. Imeneyo ndi forehand. Ukabwera mbali inayo, mkono umadutsa pachifuwa n'kumenya kuseri kwa dzanja kuli kutsogolo. Ndiye backhand, yomwe ena amamenya ndi dzanja limodzi, ena awiri.

Mdani wa dzanja limodzi ndi topspin. Apa raketi imakwecha mpira kuchokera pansi kupita m'mwamba, mpirawo n'kumapita ukuzungulira. Umagwa msanga m'bwalo, koma ukangogunda pansi umanjanja mpaka m'mapewa, komwe mkono umodzi ulibe mphamvu.

Rafael Nadal wa ku Spain, yemwe ankasewera ndi dzanja lamanzere, adamuzunza nayo Roger Federer wa ku Switzerland. Ankangolunjikitsa mpira ku backhand, mobwerezabwereza, mpaka mnzakeyo alakwitse. Pampikisano wa French Open awiriwa adakumana ka 6 ndipo Federer sadapambaneko.

Mankhwala ake Federer adawapeza ali ndi zaka 35. Mundime yomaliza ya Australian Open mu 2017 ankaumenya mpira ukangonjanja, usadakwere, ndipo adamugonjetsa Nadal. Koma limenelo ndi luso la ochepa.

Nkhani yagona pa ana. Mwana wamng'ono mkono wake umakhala usadalimbe, choncho aphunzitsi ambiri amamuyambitsa ndi manja awiri, monga ankachitira Björn Borg ndi Chris Evert m'zaka za m'ma 1970. Akazolowera n'kuyamba kupambana, kusintha kumavuta.

Chonsecho dzanja limodzi limafika patali. Ngakhale a manja awiri amasiya linalo akafuna kumenya slice, pomwe raketi imasenga mpira kunsi kuti ukagwa usanjanje kwambiri.

Pofika kumapeto kwa 2025, mkazi womaliza kupambana mpikisano waukulu wa Grand Slam ndi backhand ya dzanja limodzi adali Francesca Schiavone wa ku Italy, mu 2010. Kwa amuna adali Dominic Thiem wa ku Austria, pa US Open ya 2020. Thiem adapuma pamasewerowa mu 2024.