Msilikali Wopuma ndi Mlandu wa Nyamakazi

Bala la chipolopolo silisowa mboni, pakuti chipsera chimaonekera kwa aliyense. Koma pali nyamakazi ina, imene madokotala amaitcha rheumatoid arthritis, yomwe imalowa mwakachetechete ngati chiswe. Chitetezo cha m'thupi chimaukira mfundo za mwini wake: zala zimatupa, m'mawa manja amauma, ndipo ululu umabwera ndi kupita. Tsono msilikali wopuma wa ku United States akapempha chipukutamisozi ku Department of Veterans Affairs, funso lalikulu limakhala lakuti: kodi nthendayi inayamba liti?

Lamulo likuti nyamakazi ikaonekera chisanathe chaka chimodzi munthu atavula yunifolomu, ndipo yafika pa mlingo wa 10 peresenti, boma liyenera kuiona ngati yochokera ku usilikali. Chakacho chikadutsa, payenera kukhala umboni, monga kalata ya dokotala, wolumikiza matendawo ndi masiku ake a ntchito. Apa ndi pamene pagona vuto, chifukwa mnyamata wa kumpanda wa nkhondo amaphunzitsidwa kupirira, ndipo ululu umene sanaunene kuchipatala sunalembedwe paliponse.

Pempho likavomerezedwa, ndalama zimatsata kukula kwa matenda. Nyamakazi ikamabuka kamodzi kapena kawiri pachaka, mlingo wake ndi 20 peresenti. Ikamgoneka munthu katatu, 40. Ikamlanda mphamvu zonse, 100. Nchifukwa chake tsiku lililonse la ululu liyenera kulembedwa.

Nanga wokanidwa atani? Bungwe lomva madandaulo la Board of Veterans' Appeals lakhalapo kuyambira 1933, koma kufikira 1988 panalibe bwalo lapadera lounika zigamulo zake, ndipo loya sankaloledwa kulandira ndalama zoposa madola 10 pa mlandu wotere. Kuyambira 2019 njira zilipo zitatu: kupempha wamkulu kuti aunikenso chigamulo, kubweretsa umboni watsopano, kapena kukaonekera kubungwelo.

Akuluakulu anati mlandu suola, ndipo ndi zoona kuti umboni watsopano ukhoza kutsegulanso nkhani nthawi iliyonse. Komabe wochita apilo chisanathe chaka ndiye amasunga tsiku la pempho lake loyamba, ndi ndalama zonse zowerengedwa kuchokera pamenepo. Wozengereza angapambane mlanduwo, koma ndalama za zaka zimene anadikira zimakhala zitapita.