Chidindo cha pa webusayiti

Nyengo yofunsira ngongole za maphunziro ku HESLGB ikafika, shopu yanga yotayipira makalata pa boma la Ntcheu imadzaza ndi achinyamata ochokera ku Lizulu, Tsangano ndi Bilira. Amandipatsa nambala ya chitupa cha unzika, ya foni, ngakhale mayina a makolo awo. Ndisanalembe kanthu, ndimayamba ndaona adiresi ya webusayitiyo ngati ikuyamba ndi https.

Zimene mwalemba zimayenda ulendo wautali. Zimadutsa pa Wi-Fi ya shopu, pa nsanja ya netiweki ndi m'makompyuta ambiri a m'njira. Pa http, munthu wochenjera amene ali panjirapo atha kuziwerenga. Pa https zimasanduka zilembo zosamveka, ndipo amazimasula ndi mwini webusayiti yekha.

Komabe kubisa kokha sikukwanira, poti mutha kubisa bwinobwino chinsinsi n'kuchipereka m'manja mwa mbala. Ntchito ya satifiketi ya webusayiti ili pamenepo. Ili ngati chidindo cha amfumu pa kalata: amene sakukudziwani amakhulupirira chidindocho. Mabungwe opereka masatifiketi amatsimikiza kaye kuti wopemphayo ndiyedi akuyendetsa adiresiyo, kenako amasayina. Foni yanu imabwera kale ndi mndandanda wa mabungwe amene imawakhulupirira, ndipo imafufuza siginechayo musanaphethire n'komwe.

Kale masatifiketi ambiri ankagulidwa. Kuyambira 2015, bungwe la Let's Encrypt limawapereka ulere, ndipo mu Julayi 2018 pulogalamu ya Chrome inayamba kulemba kuti "Not secure" pa webusayiti iliyonse ya http. N'chifukwa chake zimandiwawa kuona bungwe likupempha zinsinsi za ana athu lilibe satifiketi. Palibenso chonamizira.

Nthawi zina vuto limakhala foni. Satifiketi ili ndi tsiku loyambira ndi lothera, choncho foni imene deti yake yabwerera m'mbuyo atachotsa batire imaonetsa chenjezo ngakhale pa webusayiti yabwino. Mukonze deti kaye. Chenjezo likapitirira, musalikakamize.

Chimene ndimawauza kwambiri makolo n'chakuti akuba nawonso amapeza satifiketi yaulere ya adiresi yawo. Imatsimikiza adiresi basi, sinena za khalidwe la mwini wake. Linki yolonjeza ntchito kapena basale ikabwera pa WhatsApp, werengani adiresi chilembo ndi chilembo. Mawebusayiti a boma la Malawi kawirikawiri amathera ndi gov.mw, ndipo chilembo chimodzi chikasiyana, mwalowa kwina.