Mutu umodzi susenza denga, atero akatswiri

Pamsika wa Milange, pamene alimi amagulitsa chimanga chopita ku Malawi kudzera pachipata cha Muloza, mkangano wa kulemera kwa thumba sutha. Wogula amati laperewera, mlimi amati lakwana. Kodi khamu loonerera lingadziwe zoona popanda sikelo?

Akatswiri ofufuza za kaganizidwe ka anthu akuti lingathe. M'chaka cha 1906, pachionetsero cha ziweto ku Plymouth, ku Mangalande, anthu adapikisana kuyerekeza kulemera kwa nyama ya ng'ombe ina ikaphedwa. Aliyense adalemba yekha pakapepala. Katswiri wina, Francis Galton, adasanthula timapepala 787. Mayankho onse atawonkhetsedwa ndi kugawidwa mofanana, adapereka mapaundi 1,197. Sikelo idati 1,198. Opitirira ndi operewera adafafanizirana zolakwa.

Koma pali msampha. Mu 2011 akatswiri a ku Zurich, ku Switzerland, adaonetsa kuti anthu akayamba amva mayankho a anzawo, maganizo awo amangofanana ndipo amadzikhulupirira kwambiri, chonsecho kulondola sikuwonjezeka.

Nkhaniyi ikukhudza mabwalo a mafumu ndi magulu a alimi pokambirana mtengo wa mbewu. Wamkulu akayamba kutchula zake, ambiri amangoti "inde". Nkofunika kuti amayi, achinyamata ndi okalamba ayambe anena maganizo awo, wamkulu amange mfundo pamapeto.

Mutu umodzi susenza denga, koma mitu khumi yongovomereza ndi mutu umodzi womwewo.