MPHUNZITSI WAMKULU NDIYE AGWIRA CITSEKO CA SUKULU

Mu Januwale 2022 Boma linacotsa malipiro m'masukulu ake onse kufikira Giredi 12, ndipo ana anakhamukira m'makalasi a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi monga m'dziko lonse. Caka comweco aphunzitsi atsopano oposa 30,000 analembedwa nchito. Komabe ana ena akali kunja.

M'midzi ina ya ku Katete ndi Sinda kamnyamata kamatengedwa kukaweta ng'ombe za eni, malipiro ake nkukhala ng'ombe imodzi patapita zaka zingapo. Pobwerako apeza anzake ali patali, nacita manyazi kukhala pamodzi ndi tiana. Mtsikana naye ali ndi wake mtolo. Lamulo la 1997 limlola kubwerera ku sukulu atabereka, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 liletsa kukwatitsa mwana wa sukulu. Koma pepala siliyenda kumudzi kukamuitana. Woyenda ndi mphunzitsi wamkulu, kapena amene iye wamtuma.

Ncifukwa cake kakonzedwe ka atsogoleri a masukulu si nkhani yaing'ono. Ku Chalimbana, kumene aphunzitsi akhala akuonjezera maphunziro kwa zaka zambiri, amaphunzitsako za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka sukulu. Kusunga mabuku a ndalama ndi kulemba malipoti nkofunika ndithu, koma sikukwanira. Mtsogoleri ayenera kuphunziranso kuwerenga kaundula ndi maso acifundo, kuti aone msanga dzina limene lasowa masabata awiri; kukhala pansi ndi nyakwawa ndi makolo popanda kuwanyoza; ndiponso kudzudzula mphunzitsi mnzake wotonza mtsikana wobereka, cinthu cimene ambiri amaciopa.

Katete anali mwa maboma oyamba kuyesa njira ya Catch Up mu 2016, imene imagawa ana a Giredi 3 mpaka 5 molingana ndi zimene adziwa kuwerenga, osati giredi yao. Mbusa wobwera mocedwa apezamo mpata, malinga mkulu wa sukulu aipatula nthawi yake.

Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika akhala akutsutsa maukwati a ana, tero mphunzitsi wamkulu sayenda yekha. Cotsala ndi mtunda. Ku Vubwi, boma limene linapatulidwa ku Chadiza kumalire a Malawi ndi Mozambique, midzi ili patalipatali, ndipo m'dzinja mitsinje ikadzala, ulendo wokaitana mwana mmodzi ungathe tsiku lathunthu.