Tsiku limene makina oyeza mpweya anasowa mawu

Mu November 2010, makina amene anali pa ofesi ya kazembe wa America mumzinda wa Beijing anatulutsa uthenga umene palibe anaukonzekera. Makinawo anaikidwa mu 2008, ndipo ola lililonse ankalengeza pa Twitter kuchuluka kwa utsi mumpweya wa mzindawo, n'kuwonjezerapo liwu limodzi kapena awiri: wabwino, woipa, woopsa. Tsikulo nambala inadutsa 500, pamene muyeso wonse umathera. Wolemba pulogalamu ya kompyutayo sankaganiza kuti zidzafika pamenepo, choncho anali ataikapo mawu anthabwala akuti "crazy bad", ngati kunena kuti mpweya waipa mpaka misala. Mawuwo anatulukadi. Akuluakulu a ofesiyo anathamangira kuwachotsa, koma dziko linali litamva kale.

Muyeso umene unasefukira tsikulo umatchedwa AQI, chidule cha Air Quality Index. Bungwe loona zachilengedwe ku America la EPA linaukhazikitsa mu 1999, m'malo mwa wina wakale wa mu 1976. Ntchito yake ndi ya womasulira. Katswiri akanena kuti mumpweya muli mamaikulogalamu 60 a tinthu takutitakuti, mayi wa mwana wodwala mphumu sapeza pogwira. Akamuuza kuti lero kwafiira, mwana asasewere panja, wamva.

Mitundu yake ndi isanu ndi umodzi. Kuyambira 0 mpaka 50 ndi wobiriwira, mpweya uli bwino. Kufika 100 ndi wachikasu. Pakati pa 101 ndi 150 pali wa olenji, chenjezo kwa ana, okalamba ndi odwala mtima kapena mapapo. Kenako wofiira mpaka 200, pamene aliyense angayambe kumva kuwawa, wa pepo mpaka 300, ndipo kupitirira apo ndi wofiira moderapo, nthawi yoti anthu abindikire m'nyumba.

Nambalayo siipezeka posakaniza zonse n'kutenga ya pakati, monga ambiri amaganizira. Makina amayeza zoipitsa mpweya zisanu, chilichonse pachokha: tinthu touluka, ozone wa pansi pano, carbon monoxide, sulphur dioxide ndi nitrogen dioxide. Chilichonse chimapatsidwa nambala yake, ndipo imene yakula kwambiri ndi imene imalengezedwa. Zili ngati kalasi imene aphunzitsi ake amaiweruza poyang'ana mwana wovuta kuposa onse.

M'mizinda yambiri mwana wovutayo ndi PM2.5. Ndi tinthu tochokera ku moto: ku injini ya dizilo, ku malasha, ku nkhuni, ku zinyalala zimene zikutenthedwa. Tsitsi limodzi la munthu limaposa kanthu kamodzi kotere m'kunenepa pafupifupi ka 30. Fumbi la pamsewu, lokulirapo, lambiri limakodwa m'mphuno, munthu n'kuliyetsemula kapena kulimina. Tating'onoti timadutsa, timatsika mpaka pansi pa mapapo, ndipo tina timalowa m'magazi. N'chifukwa chake madokotala akamakamba za mpweya woipa satchula chifuwa chokha. Amatchulanso matenda a mtima, sitiroko ndi khansa ya m'mapapo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mpweya woipa, wa panja ndi wa m'nyumba, umafupikitsa miyoyo ya anthu pafupifupi 7 miliyoni chaka chilichonse.

Apa ndi pamene nkhani imakoma, kapena tinene kuti imawawa. Malire a mitundu ija sanagwe kumwamba. Anawalemba ndi anthu, m'maofesi a boma, ndipo boma lililonse linalemba ake.

Tengani mamaikulogalamu 60 aja a PM2.5 mu kiyubiki mita imodzi ya mpweya. Ku America chiwerengero chimenecho chili m'gulu lofiira, nambala yake ikungodutsa 150. Ku India, kumene boma linakhazikitsa muyeso wake mu 2014, chiwerengero chomwechi chimapatsidwa 100 ndipo chimatchedwa chokhutiritsa. Pamene WHO, m'malangizo ake a 2021, imati pa tsiku zisamapitirire 15. Mpweya umodzimodzi, mapapo ofanana, koma wina akuuzidwa kuti achepetse kuyenda panja, mnzake akuuzidwa kuti zonse zili bwino. Ngakhale ku America komweko mzere unasuntha: mu 2024 EPA inatsitsa malire a gulu lobiriwira kuchoka pa 12 kufika pa 9, moti masiku ena amene kale ankawerengedwa obiriwira anasanduka achikasu, utsi usanawonjezeke ngakhale pang'ono. Britain ndi Canada sagwiritsa n'komwe muyeso wa 500. Wawo umayamba pa 1 n'kukwera mpaka 10. Amene amaona nambala pa foni yake, funso loyamba n'lakuti nambalayo yawerengedwa ndi muyeso wa ndani.

Komabe, ndi zofooka zake zonsezi, muyeso umasuntha anthu. Ku Delhi, m'mwezi wa November, alimi a ku Punjab ndi Haryana akamatentha mapesi a mpunga, utsi wake n'kusakanikirana ndi wa magalimoto, nambala ikadutsa 400 boma limaimitsa zomangamanga, ndipo zikanyanya limatseka sukulu. Pa 7 June 2023 utsi wa moto wolusa wa m'nkhalango za Canada unaphimba New York, thambo linasanduka la olenji masanasana, ndipo anthu anafukulanso mamasiki a nthawi ya Covid. Ku China nako, patapita zaka zochepa chichitikireni za "crazy bad", boma linayamba kulengeza lokha ziwerengero za PM2.5 m'mizinda yake.

Kusauzidwa kuli ndi mtengo wake. Ella Adoo-Kissi-Debrah, mtsikana wa zaka 9 wa ku Lewisham mumzinda wa London, ankakhala pafupi ndi msewu wodzaza magalimoto wa South Circular. Anamwalira mu February 2013 atavutika ndi mphumu kwa zaka pafupifupi zitatu. Mu December 2020 wofufuza za imfa, Philip Barlow, anagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa yake, ndipo Ella anakhala munthu woyamba ku Britain kulembedwa choncho pa chikalata cha imfa. Barlow ananenanso kuti mayi ake sanauzidwe za kuopsa kwa mpweya umene mwana wawo ankapuma.

Kwathu kuno vuto limayambira kumbuyo kwa zonsezi: oyezawo ndi ochepa. M'mizinda ingapo ya mu Africa, makina odalirika anali a ku maofesi a akazembe a America, ndipo mu March 2025 boma la America linasiya kufalitsa ziwerengero zawo ponena kuti ndalama zachepa. Pa yunivesite ya Makerere ku Uganda pali gulu la AirQo limene limapanga timakina totchipa n'kumatiika m'mizinda, tina pa njinga zamoto za kabaza. Nambala imene foni ingakuonetseni ya kumalo kopanda makina nthawi zambiri imakhala yongoyerekeza kuchokera ku masetilaiti ndi makompyuta.

Ndipo ngakhale makina atadzaza mzinda wonse, amayeza mpweya wa panja. Angaone utsi wa mu September ndi October, tchire likamapsa, anyamata akusaka mbewa pa lupsa, mapiri atabisika m'chiutsi chotuwa. Sangaone khitchini yaudzu yopanda zenera, denga lake lakuda ndi mwaye, mmene mayi akukoleza nkhuni zaziwisi pa mafuwa, maso ali misozi, khanda lili kumbuyo likupuma utsi womwewo. Pa anthu 7 miliyoni aja, WHO inati okwana pafupifupi 3.2 miliyoni mu 2020 anafa ndi utsi wa m'nyumba wotere, ndipo mwa iwo munali ana ambiri osakwana zaka zisanu amene anatengedwa ndi chibayo. Tsiku limene foni ikuonetsa mtundu wobiriwira, m'khitchinimo moto umasonkhedwa katatu.