Mphete Yakumwendo kwa Namzeze

Mu Malichi ndi Epulo, mvula ikamatha, anamzeze ambiri amene amasaka tizilombo m'madambo a Rondebult, pafupi ndi mafakitale a ku Wadeville ku South Africa, amanyamuka kupita ku Ulaya kukaswa. Ulendowu timaudziwa chifukwa cha mphete zamanambala zimene akatswiri amaveka mbalame kumwendo. Ku South Africa ntchitoyi inayamba mu 1948, ndipo lero ikuyang'aniridwa ndi bungwe la SAFRING ku Cape Town. Ena amati uku n'kuzunza mbalame. Komatu mpheteyo ndi yopepuka kwambiri, oiveka amaphunzitsidwa bwino, ndipo mbalameyo imamasulidwa posakhalitsa. Phindu lake n'lalikulu, pakuti mphetezi zimasonyeza madambo amene mbalame zimadalira, oyenera kutetezedwa ku madzi oipa a m'mafakitale. Choncho mukatola mbalame yakufa yovala mphete, lembani nambala, tsiku ndi malo, mudziwitse SAFRING.